"Temblor": ndi chivomezi chenicheni kapena kachivomezi chabe?

Nangondo:
Akuluakulu a pa gulu pano, ndithandizeni msanga nthawi isanandithere. Ndikukonza kachigawo kathu ka pa wayilesi ka zomwe zinachitika tsiku ngati lalero, ndipo ndasankha chivomezi cha ku Northridge, ku Los Angeles, cha pa 17 Januwale 1994. Nkhani ya Chingerezi yomwe ndikumasulira yayamba ndi earthquake, zili bwino. Chiganizo chachiwiri akuti quake, ndamva. Kufika chachitatu akuti "temblor". Ine ndimayesa chala cha mtolankhani chinaterereka, amafuna kulemba tremor. Koma ndalipezanso kumapeto kwa nkhani yomweyo, kalembedwe kake komweko. Kodi ndi chinthu china chosiyana ndi chivomezi?

Mjomba Kabaza:
Si tambula yomwera thobwa imeneyo achemwali? Mwina inagwa pa tebulo nthaka itagwedezeka.

Nangondo:
Mjomba, nthabwala mawa. Magetsi akhoza kuthima nthawi ina iliyonse kuno.

Aphunzitsi Opuma:
Sanalakwitse ayi mayi. Liwuli lilipo, ndipo m'Chingerezi limangotanthauza chivomezi basi. Kwawo kwenikweni ndi ku Chisipanishi. Mneni wake ndi temblar, kunjenjemera, ndiye temblor ndi kunjenjemerako, tinene kuti manjenje. Mukalondola mizu yake mukafika ku Chilatini, komwenso kunachokera tremble ndi tremor a Chingerezi aja. Choncho kusokonezeka kwanu si kwachilendo, mawuwa ndi pachibale. Kungoti Asipanishi anataya r woyamba uja panjira. Ena olemba Chingerezi amamubwezeretsa n'kulemba "tremblor", kusakaniza mawu awiri ngati mgaiwa ndi ufa woyera. Mabuku otanthauzira mawu a ku America amaika chaka cha 1876 ngati pomwe liwuli linayamba kuoneka m'zolemba za Chingerezi.

Anamwino ku Bakersfield:
Aphunzitsi akunena zoona, koma ndiwonjezerepo za kuno komwe liwuli limakhala. Ndatha zaka 9 ku California ndipo sindinamvepo munthu wolankhula Chingerezi akulitchula ndi pakamwa. Palibe amathamanga m'nyumba akukuwa kuti temblor! Ndi liwu la m'nyuzipepala. Mtolankhani akatopa kubwereza earthquake, amatenga quake, akatopanso amatenga temblor, monga momwe mwaoneramo achemwali.

Mu Julayi 2019 zinatigwedeza kawiri kuchokera ku Ridgecrest, m'boma lathu lomwe lino la Kern. Pa 4 Julayi, tsiku lawo la ufulu, kunabwera chivomezi champhamvu ya 6.4 m'mawa. Tonse tinati chadutsa. Mawa lake madzulo kunabwera cha 7.1, madzi a m'madamu osambiramo mpaka kukhavukira kunja. Zonse ziwiri nyuzipepala zinazitcha temblor, chaching'ono ndi chachikulu chomwe.

Nangondo:
Ndiye bwanji Amereka anakabwereka liwu kwa Asipanishi pomwe lawo anali nalo kale?

Aphunzitsi Opuma:
Chifukwa anapeza liwulo lili kale pamalopo. California asanakhale wa America anali m'manja mwa Spain, kenako Mexico, mpaka 1848. Onani mayina a mizinda yake: Los Angeles, San Francisco, San Diego, Sacramento. Ndipo chivomezi choyamba kulembedwa ku California anachilemba ndi anthu olankhula Chisipanishi. Mu 1769 gulu la Gaspar de Portolá linali paulendo wopita kumpoto, ndipo pa 28 Julayi litamanga msasa m'mbali mwa mtsinje wina, nthaka inagwedezeka kangapo tsiku lomwelo. Wansembe yemwe ankalemba za ulendowo, Juan Crespí, anaupatsa mtsinjewo dzina lalitali lothera ndi mawu oti Jesús de los Temblores, kutanthauza Yesu wa zivomezi. Lero umatchedwa Santa Ana. Obwera kuchokera kum'mawa kwa America, komwe nthaka sigwedezeka kawirikawiri, anafika n'kupeza eni dera ali ndi dzina la chinthucho. Mlendo amayamba watchula zinthu momwe akuzitchulira eni mudzi.

Anamwino ku Bakersfield:
Ndipo dzinalo lidakalipo pa mapu. Ukachoka kuno kulowera kumadzulo, kupitirira zitsime za mafuta za ku Taft, pali mapiri ouma otchedwa Temblor Range. Kuseri kwake kuli chigwa cha Carrizo Plain, komwe mng'alu waukulu wa m'nthaka wotchedwa San Andreas umaonekera ndi maso. Kuli kamtsinje kotchedwa Wallace Creek komwe kamatsika molunjika, kufika pa mng'aluwo n'kukhota mwadzidzidzi ngati chigongono, kenako n'kuwongokanso. Si madzi anakakhotetsa, ndi nthaka yomwe yakhala ikusuntha. Ndinapitako ndi ana, iwo ankangodandaula za dzuwa.

Chisomo wa ku Santiago:
Pepani akuluakulu, ndalowa mochedwa, koma apa ndiye pandikhudza. Ndinaphunzira ku Chile zaka ziwiri, ndipo kumeneko mukatcha chivomezi chogwetsa misewu kuti temblor akhoza kukusekani. Kwa iwo mawu ndi awiri ndipo sasakanizika. Temblor ndi kugwedezeka kwa masiku onse: nyale ikulendewera, makapu akulira m'kabati, munthu akupitiriza kumwa tiyi wake. Terremoto ndi pomwe sungathe kuimirira, makoma akung'aluka, magetsi athima, a m'mbali mwa nyanja akuthawira kumtunda.

Mwezi wanga woyamba kunagwedezeka usiku, ine ulendo panja ndi chitenje chokha. Mayi a nyumba yomwe ndinkakhala sanadzuke n'komwe pa mpando. Anangondiyang'ana n'kunena kuti ndi temblor chabe, ndikagone. Ndinachita manyazi ngati mlendo wothawa mbuzi poyesa fisi.

Koma pa 16 Sepitembala 2015, chakumadzulo, kunabwera cha ku Illapel cha 8.3. Tsiku limenelo mayi omwe aja anaimirira, kutsegula chitseko, n'kundigwira dzanja. Sanachite kundiuza kuti ichi ndi china. Kuyambira pamenepo muyeso wanga unali iwowo: akakhala pansi ndi temblor, akaimirira ndi terremoto.

Nangondo:
Eee, ndiye mwandibwezanso m'mbuyo. Ngati kwa eni ake temblor ndi chaching'ono, ndilembe kuti kachivomezi?

Aphunzitsi Opuma:
Ayi ndithu mayi, musayerekeze. Cha ku Northridge chinali 6.7, chinabwera cha m'ma 4:30 m'bandakucha anthu ali m'tulo, chinagwetsa milatho ya misewu ikuluikulu ndi nyumba zosanja, ndipo anthu oposa 50 anafa. Mukati kachivomezi mwanyoza maliro. Inu mukumasulira Chingerezi, osati Chisipanishi cha ku Chile. Liwu likawoloka malire limasiya katundu wina kwawo. Ife tinatenga "sitolo" ndi "buledi", koma sitifunsa Angerezi kuti tiziwagwiritsa ntchito bwanji.

Chisomo wa ku Santiago:
Pa zomasulirazo ndikuvomereza aphunzitsi. Koma ine zimandiwawabe kuti Chingerezi chinatenga liwu lomwe linali ndi ntchito yakeyake n'kulisandutsa chokometsera nkhani. Ku Chile kusiyanitsa kumeneku si masewera. Dziko lija ndi lomwe linagwedezeka ndi chivomezi chachikulu kuposa zonse zomwe zinayezedwapo, cha ku Valdivia pa 22 Meyi 1960, cha 9.5. Pa 27 Febuluwale 2010 kunabweranso cha 8.8 chomwe chinapha anthu oposa 500. Anthu oti nthaka yawo imagwedezeka pafupipafupi chonchi sangamathawe nthawi zonse, ntchito ingaime. Mawu awiriwa ndi omwe amawauza kuti apa khala, apa thawa.

Anamwino ku Bakersfield:
Achimwene a ku Santiago, musaike Chisipanishi chonse m'thumba la Chile. Theka la anzanga kuntchito makolo awo ndi a ku Mexico, ndipo iwo amati "el temblor del 85" akamanena za chivomezi cha pa 19 Sepitembala 1985 chomwe chinapha anthu zikwizikwi mu Mexico City. Chimenecho ndi chaching'ono? Amatinso terremoto, amatinso sismo, koma temblor amalitchula pa chachikulu chomwe popanda wina kuwadzudzula. Nthaka ikayamba kugwedezeka amakuwa kuti "está temblando", kukunjenjemera, osayamba ayeza kaye kukula kwake.

Tsiku limenelo la 19 Sepitembala ali nalo mantha enieni. Chaka chilichonse amachita zoyeserera kuthawa pokumbukira 1985. Mu 2017, patangopita maola awiri chichitireni zoyesererazo, kunabwera chenicheni cha 7.1. Mu 2022 tsiku lomwelonso kunagwedezeka. Mnzanga wina amati mwezi wa Sepitembala sagona ndi chitseko chokhoma.

Komanso kuchipatala, wodwala wolankhula Chisipanishi akandiuza kuti ali ndi temblor, sakunena za nthaka. Akunena kuti manja akunjenjemera. Liwuli silinasiye tanthauzo lake loyamba.

Chisomo wa ku Santiago:
Chabwino anamwino, pa Mexico mwandigwira. Koma California anali wa Mexico, ndiye mwina n'chifukwa chake Chingerezi chinalitenga mopanda malire chonchi.

Aphunzitsi Opuma:
Mwaona nokha, mwadziyankha.

Mjomba Kabaza:
Ine ndangogwira chimodzi: ku Chile ukathawa amakuseka, ku Mexico ukakhala amakuseka. Bola kwathu kuno, tonse timathawa limodzi, ena mpaka kuiwala ana.

Aphiri a ku Ulongwe:
Moni nonse kuchokera ku Angónia. Ife a mbali ino tinaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo nkhani yake ndi yofananako. Kusukulu ankatiphunzitsa terramoto, lokhala ndi chilembo "a" pakati, pomwe a ku Brazil amalemba terremoto ngati Asipanishi. Onse awiri akuchokera ku Chilatini, terrae motus, kusuntha kwa dziko. Chaching'ono timati tremor de terra. Pa wayilesi ndi m'makalata a boma mumamva sismo, lochokera ku Chigiriki. Mwana aliyense wa sukulu kuno anamvapo za terramoto ya ku Lisbon ya pa 1 Novembala 1755. Koma chathu chenicheni ndi cha mu Febuluwale 2006 ku Machaze, m'chigawo cha Manica, cha 7.0, chomwe chinamveka mpaka ku Maputo ndi ku Harare. Kumudzi kuno agogo sananene sismo kapena terramoto. Anati chivomezi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chisomo wa ku Santiago:
Sismo ameneyo ndi yemwenso akatswiri a ku Chile amagwiritsa ntchito. A Centro Sismológico Nacional akamalengeza amati sismo, n'kupereka nambala, kuya kwake ndi malo. Za temblor ndi terremoto amasiyira anthu m'misewu kuti azikangana. Ku Spain amakonda kulemba seísmo. Ndipo zotsatira zija, zomwe zimabwera chachikulu chitadutsa, amati réplica.

Akatekisiti:
Ndimangowerenga mwakachetechete, koma pa dzina lija la Jesús de los Temblores ndakumbuka zomwe anatiuza wansembe wina wa ku Peru yemwe anatumikirapo ku parishi kwathu. Ku Cusco kuli mtanda wokhala ndi chifanizo chakuda cha Yesu chotchedwa Señor de los Temblores, Ambuye wa zivomezi. Mu 1650 mzindawo unagwedezeka koopsa, anthu anatulutsa mtandawo m'tchalitchi n'kuyenda nawo pabwalo, ndipo amakhulupirira kuti ndi pomwe kugwedezekako kunaleka. Mpaka lero amautulutsa chaka chilichonse Lolemba la Sabata Loyera, anthu akuuwaza maluwa ofiira. Ndiye achimwene a ku Santiago, chivomezi chomwe chinagwetsa matchalitchi ambiri a mumzindawo, koma dzina la Ambuye likuti temblores. Zikuoneka kuti malire anu aja ngakhale oyandikana nawo sawatsata kwenikweni.

Chisomo wa ku Santiago:
Lero ndiye mwandizungulira mbali zonse. Ndagonja, koma ku Chile kokha ndisiyireni.

Nangondo:
Zikomo nonse. Ndalemba chivomerezi malo onse atatu.

Akatekisiti:
Chivomerezi? Mayi, ndi chivomezi. M'Baibulo lakale lija analemba "cibvomezi", pa nkhani ya Paulo ndi Sila m'ndende ya ku Filipi. "Re" ameneyu mwamutenga kuti?

Nangondo:
Abambo, pa wayilesi aliyense amati chivomerezi. Ndikanena chivomezi omvera aziyesa ndikulalikira.

Mjomba Kabaza:
Yayambika. Asipanishi anataya r, ife tinatola re. Ndiye kuti anagwera kuno.

Aphunzitsi Opuma:
Mjomba lero mwalankhula zanzeru mosadziwa. Onse awiri ndi athu. Chivomezi ndi lomwe mulipeze m'mabuku akale ndi m'tchalitchi, ndipo abale athu a ku Zambia ndi ku Mozambique amalidziwa bwino. Chivomerezi lafala m'nyuzi ndi pa wayilesi ku Malawi. Ine pophunzitsa jogalafe ndinkalemba chivomezi pa bolodi, ana n'kumayankha chivomerezi, ndipo sindinachotsepo malikisi. Chofunika n'choti musankhe limodzi m'nkhani imodzi. Musachite ngati mtolankhani wa ku America uja, kusinthasintha mawu mpaka womvera kuyesa kuti zivomezi zinali zitatu.

Mwana wa ku Karonga:
Ndakhala ndikuwerenga zonsezi ndipo ndikuti ndinene kanthu, ngakhale Chichewa changa ndi cha kusukulu. Mu Disembala 2009 kwathu kunagwedezeka kwa milungu. Sichinali chimodzi, zinali zambiri, kuyambira pa 6 Disembala, ndipo chachikulu cha 6.0 chinabwera usiku patatsala masiku ochepa kuti Khrisimasi ifike. Kwa anthu a ku Chile 6.0 mwina ndi ya mayi aja osadzuka pa mpando. Kwa ife inagwetsa nyumba za njerwa zomangira dothi, makalasi anang'aluka, anthu anafa, ndipo tinagona panja nthawi ya mvula chifukwa choopa denga lathu lomwe. Amayi anga anakana kulowa m'nyumba mpaka chaka chatsopano chitadutsa.

Ndiye mukamakambirana zoti ichi n'chaching'ono, ichi n'chachikulu, ine ndimafunsa kuti chaching'ono kwa yani? Tinkamva pa wayilesi ena akuti "kagwedezeka pang'ono" pomwe ife tikukolola malata m'matope.

Chisomo wa ku Santiago:
Pepani kwambiri achimwene, sindimafuna kupeputsa. Ndipo mwanena chinthu chomwe ndinayenera kuyamba nacho. Mayi aja ankakhala pansi chifukwa ankadalira nyumba yawo. Ku Chile malamulo a kamangidwe ndi okhwima, nyumba zosanja zimamangidwa kuti zizigwedera osagwa. Liwu loti temblor limatuluka mosavuta pakamwa pa munthu yemwe khoma lake lili ndi zitsulo mkati.

Aphunzitsi Opuma:
Apa ndiye pali phunziro la jogalafe lomwe ndinkalephera kulimveketsa m'kalasi. Nambala ija, 6.0 kapena 8.8, imayeza mphamvu yomwe yatuluka pansi pomwe mwala wathyoka. Siyeza zomwe inu mwamva pa mkeka wanu. Ndipo sikwera ngati masitepe ofanana: kuchoka pa 6 kufika pa 7 mphamvu imachuluka pafupifupi ka 32, kuchoka pa 6 kufika pa 8 ndi ka 1,000. Koma chivomezi cha 6 chomwe chachitikira pafupi ndi pamwamba, pansi penipeni pa mudzi, chikhoza kuononga kuposa cha 7 chomwe chachitikira kutali pansi pa nyanja. Za ku Karonga zinali zosaya, ndipo dera lija lili m'chigwa chachikulu chong'aluka chomwe nyanja yathu yakhalamo. Chimodzimodzi cha ku Salima cha mu Marichi 1989, chomwe ine ndinachimva ndili m'nyumba ya aphunzitsi ku Dowa, mbale zonse pansi.

Pali muyeso wina wa Mercalli, woyambira I kufika XII, womwe umayeza zomwe anthu aona ndi kumva pamalo. Temblor ndi terremoto za ku Chile zili pafupi ndi muyeso umenewu kusiyana ndi nambala ija. Ndi mawu a thupi, osati a makina.

Komanso mayi Nangondo, musalembe kuti "pa sikelo ya Richter" mwachizolowezi. Charles Richter anakonza muyeso wake mu 1935 ku California komweko, koma pa zivomezi zikuluzikulu akatswiri masiku ano amagwiritsa ntchito wina. Ingonenani kuti champhamvu ya 6.7.

Nangondo:
Koma aphunzitsi, ndikapanda kunena Richter abwana anga aziti ndaiwala.

Aphunzitsi Opuma:
Auzeni andiimbire.

Woyang'anira Gulu:
Ndikukumbutsa kuti gulu lino ndi la mawu ndi kumasulira. Amene watumiza chithunzi cha ufa wotsika mtengo uja ndachichotsa. Pitirizani.

Aphiri a ku Ulongwe:
Funso limodzi kwa anamwino. Pochulukitsa amati bwanji, ndipo amalitchula bwanji? Ife tikhoza kuliwerenga Chipwitikizi n'kuchita manyazi pagulu.

Anamwino ku Bakersfield:
M'Chingerezi amangoika s, temblors, ndipo owerenga nkhani pa TV amakweza mawu koyambirira, TEM-bla. M'Chisipanishi ndi temblores, ndipo limodzi amakweza kumapeto, tem-BLOR, r womveka bwino. Anzanga a ku Mexico amaseka akamva la pa TV lija.

Mjomba Kabaza:
Achimwene a ku Santiago, ndamva mphekesera kuti terremoto amamwanso. Zoona?

Chisomo wa ku Santiago:
Mjomba nkhani za mowa sizikudutsani. Zoona. Ndi vinyo woyera wotsekemera wotchedwa pipeño, amaikamo ayisikirimu wa chinanazi ndi madzi ofiira a grenadine, m'kapu yaikulu. Amamwa kwambiri pa zikondwerero za ufulu wawo pa 18 Sepitembala. Ukamwa umayesa ndi zotsekemera za ana, ukati uimirire ndi pomwe umadziwa chifukwa cha dzinalo. Ukafuna kuwonjezera amakupatsa kapu yocheperako, dzina lake réplica. Chaka chija cha Illapel chivomezi chinabwera kutatsala masiku awiri kuti chikondwerero chiyambe, ndipo ku Santiago anthu anamwabe terremoto wawo, nthaka ikugwedezabe ma réplica enieni.

Akatekisiti:
Zoterezi n'zomwe zimachititsa kuti Ambuye wa ku Cusco azitulutsidwa chaka ndi chaka.

Nangondo:
Ndabwerako ku situdiyo. Ndinawerenga chonchi: "Tsiku ngati lalero mu 1994, chivomerezi champhamvu ya 6.7 chinagwedeza mzinda wa Los Angeles m'dziko la America m'bandakucha, ndipo chinapha anthu oposa 50 ndi kugwetsa milatho ya misewu ikuluikulu." Pomwe panali quake ndi temblor ndinangoti "chivomerezichi". Richter sindinamutchule, abwana sanazindikire n'komwe. Akatekisiti mundikhululukire pa "re" uja.

Koma ndikutuluka, mnyamata wa makina wandifunsa kuti aftershock m'Chichewa timati chiyani, chifukwa m'nkhani ija munalinso mawu amenewo ndipo ndinangowalumpha.

Aphunzitsi Opuma:
Tizivomezi totsatira.

Mwana wa ku Karonga:
"Ti" ameneyo mumuchotse aphunzitsi. Kwathu chomwe chinabwera pambuyo ndi chomwe chinagwetsa nyumba yathu.

Aphunzitsi Opuma:
Mwandikonza bwino. Zivomezi zotsatira. Ngakhale kuti akatswiri, chachikulu chikabwera pambuyo, amasintha mayina n'kunena kuti zoyamba zija zinali zotsogolera, monga zinachitikira ku Ridgecrest kwa anamwino.

Mjomba Kabaza:
Ine ndikuti tizingoti réplica. Achimwene a ku Santiago, chinanazi ndili nacho cha ku Mulanje, ayisikirimu tigula. Pipeño ameneyu tingalowetse chiyani m'malo mwake?